Kukonza Bwalo

Mvumbi unayamba m'mawa ndipo sunkaonetsa zoti ukata. A Odita, ofufuza za ndalama kukhonsolo, anafika pabwalo la mpira nsapato zitanyowa mpaka m'kati. Khonsolo inawatuma kudzaona ntchito imene timu inati yagwira. Pangano linali lakuti timu ikakonza bwalo, ichotse ndalamazo pa lendi. Chaka chino inachotsa pafupifupi lendi yonse.

Amene anawalandira anali msungichuma wa timuyo, yemwenso anali mwamuna wa mwana wawo. Anawaikira mpando pansi pa denga la oonerera, pamene sipankadontha kwambiri.

"Mwakonza chiyani, apongozi?" anafunsa a Odita.

"Zambiri, bambo. Malisiti ndi awa."

Anawaona limodzilimodzi. Laimu wolembera mizere. Tenti ya alendo. Zokuzira mawu. Nkhuku.

"Nkhuku?"

"Za tsiku la fainolo lija. Zinakonzedwa bwino, alendo anayamikira."

"Pangano likuti kukonza bwalo."

"Eya, bambo. Alendo akamabwera, kodi simukonza pakhomo? Ifenso tinakonza bwalo."

Kochi, amene anabisala mvula pafupi pomwepo, anaseka. "Musavutike, madala. Mabwana anu a kukhonsolo anadya nawo. Ntchafu zonse zinapita kwa iwo, ife tinaona makosi okha."

A Odita sanaseke. Dontho linagwera pa lisiti la nkhuku, inki n'kumwazika. Chaka chatha analembera mabwana awo kuti liwu loti "kukonza" lisinthidwe m'pangano, lizinena zokonza zoonongeka basi. Mabwanawo anawayankha kuti aliona. Liwulo linali likadali pomwepo, ndipo tsopano linali litameza nkhuku.

A Odita anaimirira n'kukwera masitepe mpaka pamwamba. Kumeneko kunali chitsulo chotchinga anthu kuti asagwere kumbuyo. Anachigwira ndi dzanja limodzi. Chinagwedera ngati dzino la mwana, dzimbiri n'kuthothokera pansi. Loweruka timu ikagoletsa, anthu amatsamira pomwepa, ena atabereka ana.

Mkamwini uja anawatsatira akupuma mofulumira.

"Chimenecho tichiona mwezi wamawa, bambo."

"Munatero chaka chatha."

"Ingosainani. Mukakana, komiti indichotsa ntchito. Mwana wanu mudzamuyang'ana ndi maso anji?"

Foni inalira m'thumba. Anali bwana wa a Odita. Anati nyengo ya mpira ili pafupi kutha, asautse mavu, asaine n'kubwerera ku ofesi. A Odita anati amva, n'kudula foni. Mkwiyo unawakwera. Kunyumba kukanakhala malemu akazi awo, akanawauza madzulo, mtima n'kutsika. Tsopano nkhani zotere ankangogona nazo.

Anagwedezanso chitsulo chija, mwina poganiza kuti achinamizira. Bawuti imodzi inazuka n'kugubuduka pamasitepe.

"Iyinso mwaikonza?" anafunsa.

Mkamwini anayang'ana pansi.

A Odita anatsika pang'onopang'ono, n'kumubwezera malisiti ake, fomu ya khonsolo yosasainidwa n'kuipinda m'jekete. Kugeti anapempha mlonda tcheni ndi loko. Mlondayo anayang'ana msungichuma, kenako anapereka.

A Odita anakhoma chipata chokwerera pamwamba paja, n'kuika kiyi m'thumba. Atatero anatambasula ambulera, n'kulunjika kunyumba kwa mwana wawo kukamuuza okha mwamuna wake asanafike.