Valavu ya Boti la Achimwene

Pulambala wina anali atapuma ntchito zaka zitatu zapitazo, koma ntchito ya pachibale siipumidwa. Mpopi ukadontha kwa mlongo wake ankaitana iye, thanki ikabooka kwa apongozi a mwana wake, iye yemweyo. Ndiye Lachiwiri m'mawa foni italira, ataona kuti ndi alamu ake, akazi a achimwene ake aakulu, anayamba kufufuza ndi maso pamene anasiya bokosi la zipangizo asanayankhe n'komwe.

Alamuwo sanazungulire. Anati boti la thanga la amuna awo likulowa madzi, ndipo kwa miyezi iwiri mkuluyo wakhala akulawirira kudoko kukakapa madziwo ndi chigubu chodula pakati, kunyumba n'kumanama kuti akukawongola miyendo. Chinawaulula ndi mathalauzi onyowa mpaka m'mawondo. Anamukumbutsanso za sitiroko ya chaka chatha, ndi dzanja lamanja lomwe silinabwerere mwakale.

“Mupite mukalione, alamu, koma musakalikonze,” anatero mayiwo. “Mukawauze kuti lawola, silingakonzeke. Inu akumverani. Ine ndatopa kukhala pazenera kudikira munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ali yekhayekha pamadzi.”

Pulambalayo anangoti akaona. Analibe mphamvu zokana, analibenso mphamvu zovomera.

Achimwene akewo anali mphunzitsi wa masamu moyo wawo wonse, ndipo botilo analigula atasiya choko. Linali laling'ono, kachipinda kake kosaimirika munthu, konunkha dizilo ndi zovala zonyowa. Anawapeza atakhala pakhomo pa kachipindako, chigubu chili pamiyendo. Atamuona anachibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja, n'kunena kuti palibe vuto, ndi kathukuta chabe, kungomanga pang'ono basi.

Pulambalayo anatukula thabwa lapansi n'kugwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma. Pansi pa boti pamakhala bowo loboola dala, lolowetsa madzi oziziritsa injini, ndipo pabowolo amamangapo valavu yamkuwa yokhala ndi chogwirira, yotsegula ndi kutseka ngati mpopi wapakhomo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuseri kwa mpopi uwu kuli nyanja yonse. Valavuyo inali itachita ndere zobiriwira, ndipo atapala ndi sikuludilaiva mkuwawo unaoneka wofiirira, wofumbutuka ngati bisiketi. Madzi ankasolola m'mbali mwake mwakachetechete.

Anawauza kuti asaigwire, yadyeka mkati, boti liyenera kutulutsidwa kumtunda. Koma munthu amene wakhala zaka makumi anayi akuuza ena yankho sauzidwa. Anawerama kuti amuonetse kuti imatsekabe bwinobwino, n'kukoka chogwiriracho ndi dzanja lamanzere. Valavu yonse inathyokera m'manja mwawo.

Madzi anatumphuka, okula ngati mkono wa munthu, ozizira mpaka m'mano. Pulambalayo anatsekapo ndi chikhatho n'kugonerapo ndi thupi lonse. Pafupi pomwepo panali chitsekero chamtengo chosongoka, chomangirira ndi chingwe, chosungira tsiku ngati limeneli. Anawauza kuti achimasule msanga, atengenso hamala. Achimwene ake anagwira mfundo ya chingwecho, zala zakumanja n'kumangoterereka. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Hamala nayo inawapulumuka n'kumira m'madzi omwe anali atafika kale m'akakolo. Mapeto ake pulambalayo anapondapo ndi chidendene, n'kudula chingwecho ndi mpeni wa m'thumba, n'kukhomera chitsekerocho ndi sipanala mpaka madzi anasiya.

Anakhala pansi m'madzi momwemo akupuma mwabefu. Achimwene ake anali atapisa dzanja lamanja m'khwapa, akuyang'ana kunja.

Mayi woyang'anira doko anawapezera kireni yonyamulira maboti masana omwewo, boti n'kulikhazika pazitsulo kumtunda, mimba yake ili ndere zokhazokha. Ntchito yomwe mnyamata akanaimaliza tsiku limodzi inawatengera masiku atatu. Chitsulo chakale chodutsa pabowo chinakana kumasuka, moti anachita kuchidula ndi gilayinda ali kunja, atagona chagada pamiyala, fumbi likumugwera m'maso. Kathabwa kochirikiza mkati kanali kofewa ngati buledi wonyowa, anasema kena. Valavu yatsopano anaiyendera masitolo atatu. Mavalavu awiri oyamba anali a mipopi ya m'nyumba, mkuwa wake wosapirira madzi amchere, ndipo anawakana ngakhale wogulitsa ankalumbira kuti n'chimodzimodzi. Madzulo aliwonse ankafika kunyumba msana uli gwa, akazi ake n'kumamufunsa ngati m'banja mwawomo anabadwa ndi manja ndi iye yekha.

Lachinayi anagogoda ndi hamala kuzungulira bowo lija, kumvetsera. Paliponse pankalira mouma, molimba. Akanafuna kunama, nthawi yake inali imeneyi, chifukwa achimwene ake sakanadziwa kusiyana kwake. Anakwera makwerero n'kulowa mkati. Kumanga chitsulo chatsopano kumafuna anthu awiri, wina kunja wogwira kuti chisazungulire, wina mkati womanga nati, ndipo mkuluyo anali pansi, kudikira ndi chitsulocho chopakapaka guluu woletsa madzi. Pabowopo pankangooneka diso lawo limodzi ndi nsidze yaimvi.

“Alamu ako anakutuma kuti udzandiuze kuti lawola, eti?” mawu anatulukira pabowopo.

“Eya, achimwene.”

“Ndiye lawola?”

“Ayi. Ndi lolimba kuposa inu ndi ine.” Anapukuta m'mphepete mwa bowolo ndi kansanza. “Koma dzanja lanu ndinaliona. Tsiku lija mukanakhala nokha, kutali ndi doko, bwenzi pano tikunena zina.”

Diso lija linachokapo. Kwa kanthawi ankangoona miyala yapansi ndi nsonga ya nsapato. Kenaka chitsulo chinalowa pabowopo, guluu akufinyikira m'mbali, ndipo anamva mawu otsika akuti amange, agwira. Anamanga nati pang'onopang'ono. Chitsulocho sichinazungulire ngakhale pang'ono; mkuluyo anali atachipanikiza ndi manja onse awiri, ndi phewa lomwe.

Akudya mabanzi pamthunzi wa botilo, achimwene ake anayankhula mosamuyang'ana. Anati kunyumba amawatsegulira botolo, amawamangira mabatani, amawayankhira ngakhale mafunso a dokotala, ndipo ndi pamadzi pokha pomwe palibe amawauza kuti khalani pansi. Anavomera kuti kupita okha sikuthekanso. Kenaka anayamba kuwerenga anthu oti n'kupita nawo: ana ali kutali, mnzawo wina anamwalira, wina maso anasiya. Anawerenga mpaka anthu anatha.

Pulambalayo ankadana ndi madzi chibadwire. Ngakhale pabasi ankachita nseru. Anayang'ana manja ake odzaza guluu, n'kumva pakamwa pake pakunena kuti azipita nawo iyeyo, koma Loweruka lokha, m'mawa, mphepo ikakhala yochepa, ndipo dzuwa likafika pamutu azikhala atabwerako.

Lachisanu botilo analibwezera m'madzi lili m'malamba a kireni. Anagwada pomwe paja, n'kuyala pepala lofewa pansi pa valavu yatsopano, kutsegula, kutseka, kudikira theka la ola. Pepalalo linatuluka louma. Anamangiriranso chitsekero chamtengo pambali, ulendo uno ndi mfundo yomasuka ndi dzanja limodzi.

Kwa alamu ake anapita yekha kukanena. Anamumvetsera ataimirira pasinki, osatembenuka, mpaka anamaliza.

“Ndinakutumani kuti mundichotsere nkhawa imodzi, inu mwandibweretsera ziwiri,” anatero. Anamuthirira tiyi komabe, n'kumuuza kuti mapiritsi a amuna awo ndi a teni koloko, aziwakumbutsa, ndipo akakana azingowaimbira iwo.

Loweruka loyamba anasanza kawiri asanatuluke n'komwe pakamwa pa doko. Achimwene ake anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanzere, akumulamula za zingwe ngati mwana wa sitandade faivi, ndipo thanga litadzaza mphepo anayamba kuimba kanyimbo kopanda mutu. Anabwerako mochedwa ndi ola lathunthu. Pulambalayo atafika kunyumba anangodziponya pampando nsapato zili kuphazi, chipinda chikumuyenderabe uku ndi uku. Akazi ake anamufunsa ngati sabata yamawa apitanso. Anati apita, n'kupempha madzi akumwa.