Zitini za Aphunzitsi a Zaulimi

"Mabedi ndiye musakweze, alamu. Ana agona pati?" anatero mkazi wamasiye, atagwira chitseko cha lole.

Mlamu wakeyo, mng'ono wa malemu mwamuna wake amene anali mphunzitsi wa zaulimi, sanacheuke. Nyumba inali ya sukulu, ndipo ahedi anali atanena kale kuti mphunzitsi wina akufuna kulowamo. Kopita mayiyo analibe.

"Ndikukakusungirani, mlamu. Mukapeza pokhala mudzatenga."

"Wotchi ya achimwene anu ili pamkonoyo mukundisungiranso?"

Mlamu anatsitsa mkono wa malaya, n'kuyamba kutola zitini zopanda pansi zimene zinali pakhonde. Ankati akagulitsa kwa ogula zitsulo.

Pamenepo pageti panalowa ana a sukulu, yunifolomu itanyowa thukuta. Mtsikana wamtali anagwada patsogolo pa mayiyo.

"Pepani amayi, tikudziwa kuti mukulira. Koma mayeso ayandikira, ndipo aphunzitsi anatisiya tisanayese mmene madzi amalowera m'dothi. Ena onse akuti si phunziro lawo. Tikalephera, ambirife kwathu sadzatibwezanso kusukulu. Tibwerekeniko zitinizo."

"Mukudziwa kuchita kwake?"

"Anangotiuza pakamwa."

Mayiyo anayang'ana lole, anayang'ana anawo. Mwamuna wake ankayeserera phunziroli kuseri kwa nyumba, iye akumukalipira kuti akutha madzi ochapira. Analanda chitini chimodzi m'manja mwa mlamu.

Kuseriko anagwada ndi zovala zake zakuda. Anaika thabwa pamwamba pa chitini, n'kuchikhomera pansi ndi mwala.

"Chilowe mowongoka, madzi asathawire m'mbali. Imikani rula mkati. Pothira tchingani ndi dzanja, madzi asakumbe dothi. Kenako muziwerenga mmene akutsikira mphindi iliyonse." Anakweza mutu. "Koma pafunika wotchi."

Onse anatembenukira kwa mlamu, amene anali atawatsatira kudzatenga chitini chake. Woyendetsa lole analiza hutala. Mlamu anazengereza, kenako anakwinya mkono wa malaya n'kunjuta.

"Thirani," anatero.

Madzi anatsika mofulumira, kenako pang'onopang'ono. Mlamu ankatchula mphindi, mtsikana uja akuwerenga rula, anzake akulemba. Lole inali chilizire injini, katundu ali momwemo, ndipo mayiyo ankadziwa kuti inyamukabe.

Ataweramuka kuti awongole msana, anaona kuti anawo apanikizana mbali imodzi, mapewa akugundana, asiya mpata kumene kunali dzuwa.

"Bwanji simukusendera uku? Malo alipo."

"Pamenepo pamaima aphunzitsi," anayankha mtsikanayo, maso ali pa rula. "Phunziro lililonse la panja ankatitchingira dzuwa ndi msana wawo."

Mayiyo anasasa dothi m'mawondo, anazungulira, n'kukaima pampatapo. Mthunzi wake unali waufupi, sunafike kwa onse. Anatambasula mpango wake ndi manja awiri.