Phazi la a Vyas m'Khitchini

Pa nyumba zosanja za Shantivan, ku Ahmedabad, panalibe amene ankawaposa a Mahendra Vyas pa neti. Iwo ndiwo anali wapampando wa komiti ya eninyumba, ndipo ndiwo anakangana ndi anthu mpaka bwalo la pickleball, masewera ofanana ndi tenesi, linajambulidwa pamalo pomwe kale pankaima njinga zamoto. M'mawa uliwonse ankatsika, chomenyera chili kukhwapa. Mpira ukangokwera pang'ono pafupi ndi neti, ankaupeza uli m'malere n'kuuswa pansi, kenaka n'kuseka mpaka mimba kugwedezeka. Chikho cha mpikisano wa pa chikondwerero cha Diwali chinali pamwamba pa TV kwawo.

Tsiku lina kunabwera Foram Desai, dokotala wa mano yemwe anali atangosamukira m'nyumba ya pamwamba. Anamuika mbali imodzi ndi a Dilip Parikh, mnzawo wa a Vyas wa kuubwana, kuti alimbane ndi a Vyas ndi mayi wina wa pansi. Posakhalitsa mpira unakwera, a Vyas anauswa monga mwa masiku onse.

Foram anautola bwinobwino, n'kuwaitana ndi dzina laulemu la kumeneko loitanira bambo wachikulire. “Pointi imeneyo ndi yathu, kaka. Mwaponda m'khitchini.”

Khitchini ndi kachigawo kaja ka m'mphepete mwa neti, komwe munthu saloledwa kumenya mpira usananjanje iye ataimamo. Lamulolo a Vyas ankalidziwa, popeza analimata okha pakhoma.

“Mwana wanga, ine ndasewera pano chiyambire bwaloli,” anatero akumwetulira. “Dilip, tamuuza.”

A Dilip anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomangidwa kale. Mayi uja anayang'ana kumitengo.

Anapitiriza. Mpira unakweranso, a Vyas anauswanso, ndipo Foram asananene kanthu, iwo anayang'ana pansi. Nsapato yonse ya kumanja inali mkati mwa mzere. Sichinali chala chokha ayi, inali yonse ndi chidendene chomwe.

Atatha, ali pa shedi ya tiyi kunja kwa geti, a Vyas anadikira kuti enawo achoke, atsale ndi a Dilip.

“Zinayamba liti?”

A Dilip anauzira tiyi wawo nthawi yaitali. “Tsiku loyamba lomwe, Mahendrabhai.”

“Ndipo iwe umaona?”

“Tonse timaona. Umayamba uli kunja, koma mpira ukakwera umautsatira ngati mbuzi yaona masamba.”

“Nanga osandiuza bwanji?”

“Bwaloli unatipezera ndiwe. Ndiye umasangalala kwambiri, aise. Tinkati mawa wina anena, mawa wina anena.”

A Vyas anakumbukira mmene ankaimitsira masewera kuti aphunzitse anzawo kagwiridwe ka chomenyera, iwo n'kumavomera ndi mitu. Tiyi sanamumalize.

Kunyumba anapeza akazi awo, a Kokila, akukanda ufa wa chapati. Khonde lawo linali moyang'anana ndi bwalo lija.

“Nanunso mumadziwa?”

A Kokila sanafunse kuti chiyani. “Zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani kuti mulowe m'khitchini mundithandize, inu kukana. Nditaona kuti mwapeza ina yolowamo tsiku lililonse, ndinati ndisakusokonezeni.”

Anaseka, koma ataona nkhope ya amuna awo analeka.

Sabata yonse a Vyas sanatsike. Ankauza anthu kuti bondo lavuta, ndipo potuluka ankadzera geti la kuseri. Phokoso la mpira likayamba m'mawa, ankakweza wailesi.

Anakumana ndi Foram mu lifiti, mosayembekezera, iye akuchokera kuntchito.

“Kaka, mundikhululukire,” anatero mtsikanayo. “Andiuza kuti sindinayenere kulankhula.”

“Wakuuza ndani?”

“Onse.”

Mawu amenewo anawapweteka kuposa onse a sabata imeneyo. Anthu akuluakulu, ena a imvi, anali atamukhazika pansi mlendo kuti amuphunzitse kasamalidwe ka a Vyas. Lifiti itaima pa nyumba yawo, sanatuluke.

“Lamlungu masana bwalo limakhala lopanda anthu,” anatero akuyang'ana mabatani. “Kumatentha, koma ngati ungapeze mpata.”

Foram anabwera ndi dengu la mipira. Anawaimika kuseri kwa mzere, chomenyera patsogolo pa chifuwa, mawondo opinda pang'ono. “Musauthamangire, ubwera wokha. Dzanja lisapite kumbuyo. Ingoutchingani, ngati mukukankha chitseko.”

Mipira yambiri inathera mu neti. Ina inawamenya pamimba. Phazi lija linkangopita lokha, ndipo ulendo uliwonse Foram ankati “khitchini”, mosakweza mawu, mpaka a Vyas anayamba kunena okha iye asanatsegule pakamwa. Pakhonde lina katani inagwedezeka. Anaiona, koma anapempha mpira wina.

Lolemba anatsika nthawi ya aliyense. Anthu anawafunsa za bondo, iwo anayankha kuti bondo linalibe vuto. Atayamba kusewera, mipira yomwe kale ankaiswa inkawadutsa kapena kuwagwera kumapazi, ndipo anagonja katatu kotsatizana. A Dilip, omwe anali asanawagonjetsepo chiyambire, anasowa koyang'ana.

“Dzuwa linali kumbali yako,” anatero.

“Usayambenso, Dilip,” anayankha a Vyas, akupukuta thukuta. “Itana ena alowe. Ine ndidikira wotsatira.”

Anakakhala pa benchi pamodzi ndi ena ogonja, pomwe anali asanakhalepo.