Burashi ya Kansalu Kofiira

M'shedi ya Pathrose, kuseri kwa doko la Neendakara, munali lamulo limodzi lokha: burashi ya waya yomangidwa kansalu kofiira isakhudze chitsulo wamba. Inali yopukutira chitsulo chosachita dzimbiri basi. Ikangopala chitsulo china, imatola fumbi lake n'kukalipaka pa chitsulo chabwino, kenaka fumbilo n'kuyamba dzimbiri. Mkazi wake ankalidziwa lamuloli, ana ankalidziwa, ngakhale mbuzi ya aneba inkadutsa patali. Nkhutukumve anali mmodzi, mlamu wake Lazar, msodzi amene anakwatira mlongo wake Treesa.

Chaka chimenecho, nyanja ili yotsekedwa chifukwa cha mvula, Lazar anafuna chogwirira injini chatsopano pa boti lake. Nkhaniyi inafika kwa a Bastian, mwini maboti asanu ndi limodzi, ndipo anati chikapirira mchere wa m'nyanja osachita dzimbiri, Pathrose adzapange za maboti awo onse. Munthu amene wakalambira pa kuwotcherera mageti a anthu samva mawu otere kawiri. Pathrose anakwera basi mpaka ku Kochi, nakangana ndi wogulitsa amene ankafuna kumupatsira chitsulo cha mapoto, mpaka anapeza chenicheni cha m'nyanja.

Chitsulo chimenechi n'chamakani. Ukachiboola mothamanga chimatentha n'kulimba, choboolera n'kupsa. Choncho Pathrose ankaboola pang'onopang'ono, akudonthezera mafuta, Lazar ali chilili pamutu pake.

"Alamu, mukuboola kapena mukupemphera kolona?"

"Pitani mukasoke ukonde, inu."

"Ndangofunsa. Treesa amaboola kokonati msanga kuposa pamenepo."

Pathrose anangopitiriza kuboola, poti ndi mwamuna wa mlongo wako, ungamutani? Patatha masiku anayi anachipukuta ndi burashi ija mpaka chinawala, nakachimanga yekha ndi mabawuti ake.

M'mawa wodalitsa maboti, nyanja isanatsegulidwe, doko lonse linadzaza. Wansembe ankayenda ndi madzi odalitsa, amayi akuyimba pambuyo. Pathrose anavala malaya oyera, mtima uli m'malo. Koma asanafike n'komwe anamva mawu a Lazar, amene sadziwa kunong'ona.

"Alamu! Bwerani mudzaone manyazi anu! Mwandiikira chitsulo cha geti!"

Chogwirira chija chinali mawangamawanga ngati nthochi yakupsa. Pathrose anafika pabotipo. Anatulutsa maginito m'thumba n'kugunditsa, maginito anagwa pansi osamata.

"Mwaona? Chitsulo wamba chikanagwira."

"Ife maginito sitidya," anatero wina m'gulumo. "Dzimbiri tikuliona ndi maso."

Pathrose anagwada nayang'anitsitsa. Dzimbirilo silinachokere m'kati. Linali pamwamba, m'timizere, ndendende mmene dzanja lake linkayendetsera burashi. Atatembenuka anaona nangula wa Lazar, amene chaka chonse amakhala wofiira, lero ali mbee, wopalidwa bwino.

"Alamu, nangulayu munamupala ndi chiyani?"

"Ndi burashi yanu ija ya kansalu. Koma ndiye ndi burashitu imeneyo! Ndinaitenga tsiku lija munapita ku Kochi. Musandiyang'ane choncho, ndinaibweza pamsomali pake."

"Ndakuuzani kangati za burashi imeneyo?"

"Aa, inu mumalankhula zambiri, alamu. Munthu angasunge zonse?"

Anthu anafa nazo kuseka. Pathrose sanaseke. Mkwiyo anaubweza, chifukwa a Bastian anali ataima pomwepo, ambulera ili m'khwapa. Anawafotokozera mwaulemu kuti chitsulocho chilibe vuto, kuti ndi fumbi chabe la nangula, kuti akachitsuka ndi mankhwala chikhala zaka makumi awiri osasintha. A Bastian anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndamva, a Pathrose, ndipo sindikukutsutsani. Koma anyamata anga ndimawadziwa. Onse ndi a Lazar okhaokha, amapala ndi chimene apeza. Chitsulo choopa burashi ine sindingachilere. Ndingopitiriza chakale, chopaka penti."

Anatsegula ambulera, ngakhale kunalibe mvula, nalondola wansembe.

Pathrose anakhala pamphepete mwa boti. Zinamupweteka kwambiri, makamaka poti dzanja limene linapaka dzimbirilo linali lake lomwe, ndipo linapaka mosamala. Mageti anali kumudikira kushedi, atatu, ena a mabwana osalipira msanga.

Lazar anamusisita paphewa.

"Musadandaule, alamu, ine ndakukhululukirani. Treesa waphika chinangwa ndi nsomba ya tsabola, mubwere masana." Anayenda pang'ono, kenaka anacheuka. "Pobwerapo munditengereko burashi ija. Tcheni cha nangula sindinamalize."