Kamfuti Kolankhula Mofulumira

Yakobo anawaona komaliza amalume ake, a Mustafa, atagonekedwa pa matumba kumbuyo kwa lole yopita kuchipatala ku Mangochi. Amalumewo anamukoka malaya n'kunong'ona kuti, "Bokosi lija ndi nkhalamba. Kamfuti kazilankhula pang'onopang'ono." Iye anangoti ndi malungo akuwabwebwetetsa.

Tsopano ntchito yawo inamugwera, m'nyumba yogawira ufa kwa othawa nkhondo ku Chiponde, chifukwa choti anakhalako chaka chimodzi ku koleji. Kamfutiko kanali sikana yatsopano yowerenga timizere takuda ta pa makhadi a chakudya. Bokosilo ndilo linkatsegula sikelo ya ufa. Waya analumikiza bwinobwino, koma akaloza khadi, pagalasi la bokosi pankangotuluka zilembo zosamveka.

Kutsogolo kwa mzere kunali mayi Alima ochokera ku Mandimba, mwana kumsana, thumba lopanda kanthu m'manja. Kuwala kofiira kwa kamfutiko kukang'anima, ankabisa nkhope.

"Si mfuti yeniyeni, amayi," anatero Yakobo.

"Ndiye n'chifukwa chake sikugwira ntchito. Ana anga anadya dzulo m'mawa, bambo."

A Ajira, kalaliki wa pamalopo, anaseka. "Achimwene a ku koleji, kodi phunziro la mawaya linali m'chaka chimene munathawa chija?"

Yakobo anatsegula buku la malangizo. Namonso munali timizere tokhatokha, toti uloze ndi kamfuti komweko kuti kasinthe khalidwe. Analoza tina, kanalira katatu. Analoza tina, kanazima. Atakayatsanso anafika pa tsamba la liwiro lolankhulira ndi bokosi: 9600, 4800, 1200. Anayang'ana bokosi lija, lachikasu ndi ukalamba, n'kukumbukira mawu a amalume ake. Analoza 1200.

"Khadi lanu, amayi."

Dzina linatuluka lathunthu: ALIMA JOSE. Koma sikelo sinatseguke. Pansi pa dzinalo bokosi linkafunsa tsiku, ndipo a Ajira anati akalakwitsa, likana makhadi onse kuti anatha mphamvu.

Yakobo anaika zala pa mabatani, n'kupeza kuti sakudziwa. Chichokereni lole ija masiku anali atangomatana.

"Lero ndi pa chani?"

"Ijumaa," anatero mayi Alima. "Simukuona amuna akuthamangira ku msikiti?"

"Likufuna nambala, amayi."

Wina mumzere anakuwa kuti pa leveni, wina pa fifitini, wina anayankha m'Chipwitikizi. Kalendala ya pakhoma inali ya chaka chatha, inatsalira chifukwa cha chithunzi.

A Ajira anasiya kuseka. "A Mustafa tinawaika m'manda Lolemba, pa naini, iwe uli m'njira yobwera kumaliro. Werenga wekha, mwanangu."

Anapinda zala chimodzichimodzi, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, n'kulemba. Sikelo inati khe! Ufa unayamba kutsikira m'thumba la mayi Alima, bokosi n'kulavula kapepala.

13 Novembala 1992.