Mlendo wa pa Poti 8080

Magetsi ataphethira Lachisanu m'mawa, seva, kompyuta yaikulu ya pasukulu, inazima n'kudziyatsanso yokha, koma pulogalamu ya magiredi inakana kudzuka. Makolo amayembekezeka 11 koloko kudzatenga malipoti a ana awo, ndipo panalibe ngakhale limodzi losindikizidwa.

Ahedi anaitanitsa aphunzitsi a masamu, amene chibwerereni ku maphunziro a makompyuta a masiku atatu sankayankhanso munthu wosawatchula kuti a Injiniya. A Injiniyawo analowa m'kachipinda ka seva, komwe amasungiramonso matsache, n'kupachika jekete pa mopu.

"Aliyense asagwire kanthu," anatero, ngakhale panalibe wofuna kugwira.

Analemba lamulo loyatsira pulogalamuyo. Kompyuta inayankha ndi mzere umodzi wokha: poti 8080 ili kale ndi mwini wake. Analembanso, ulendo uno akumenya batani ndi mphamvu. Yankho linali lomwe lija.

"Kodi poti n'chiyani?" anafunsa ahedi ataima pakhomo.

"Ndi ngati khomo, bwana. Pulogalamu yathu imatulukira pamenepo. Ndiye wina watitsogolera, wakhalapo."

"Ndani?"

A Injiniya anatsitsa mawu. "Akuba a pa intaneti. Akunja. Anthu amenewa salimbana ndi malo wamba, amanunkhiza pamene pali ukadaulo."

Ahedi anayang'ana matsache aja, kenako wotchi.

Mayi mlembi anazimva zonsezi, ngakhale a Injiniya anatsitsa mawu. Anali pa desiki pawo ndi kapu ya tiyi, ndipo anangotsegula adiresi ya magiredi pa kompyuta yawo monga amachitira m'mawa uliwonse.

"A Injiniya!" anaitana. "Tabwerani mudzaone akunja anu. Avala suti."

Pa sikirini panali nkhope ya a Injiniya eni ake, dzanja lili pachibwano, maso akuyang'ana kutali. M'munsi mwake munalembedwa kuti: Mkulu wa Zaukadaulo, Mlangizi, Woganiza Mozama.

Kanali katsamba ka pa intaneti komwe a Injiniyawo anapanga Lachitatu, kongoyeserera. Poopa kuti kangasowe, anakalamula kuti kazidzuka kokha seva ikayaka. Kanamvera. Kanadzuka msanga kuposa magiredi n'kukhala pakhomo.

"Mlangizi wa ndani?" anafunsa ahedi.

"Zimenezo tidzakambirana, bwana. Nthawi yatha."

Anabwerera kwa matsache, anafufuza nambala ya katsambako, n'kukathimitsa ndi dzanja lawo lomwe. Atayatsanso pulogalamu ya magiredi, inalowa bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Pulinta inayamba kulira kutatsala mphindi makumi awiri kuti 11 koloko ikwane, ndipo kholo loyamba linalandira lipoti likadali lofunda.

"Vutoli ndalithetsa," analengeza a Injiniya akuvala jekete, lomwe tsopano linali lonyowa paphewa.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero mayi mlembi. "Musadandaule za chithunzi chija. Ndinasindikizako chimodzi poyesa pulinta."

"Chili kuti?"

"Pa bolodi ku sitafurumu. Aphunzitsi a Chingerezi akuti ali ndi mafunso kwa Woganiza Mozama."