Usadzandikweze Galimoto

Ndinawalonjeza bambo anga kuti sindidzawakweza galimoto. Nthawiyo n'kuti ndili kusekondale, tikuchokera koika maliro a mayi, ndipo ndinavomera mosavuta ngati mwana amene watumidwa kukatunga madzi.

Mayi anga, a Rahab, anafera kumbuyo kwa Landirova pamsewu wa Gorodi, uja umatsika kuchoka ku Khondowe kupita ku Chiweta utapindikapindika ngati matumbo a mbuzi. Ankawathamangitsira kuchipatala chachikulu. Pokhota paliponse dalaivala ankayamba wabwerera m'mbuyo kuti galimoto ikwane, ndipo mutu wa mayi unkagunda chitsulo ngakhale bambo anali ataufungatira. Anatsirizikira pakati pa phiri, pamalo opanda dzina. Chimene chinkawawawa bambo n'chimenecho. Ankati munthu wakhala panyumba imodzi moyo wake wonse, wabzala mapichesi, walera ana, koma alendo akafunsa kumene anafera, iwe uziloza tchire.

"Griffin, ikadzakwana nthawi yanga usadzandikweze galimoto. Ndidzafere pabedi langa, zenera lili chitsegulire."

"Ndamva, adada."

"Sindikuyesa makutu ako. Walonjeza?"

"Ndalonjeza."

Bambo angawo, a Manasseh Harawa, anali mphunzitsi wa masamu pamishoni, ndipo yankho losakwanira sankalichonga.

Mpingo unanditumiza ku Scotland kuti ndikaphunzire udokotala. Udokotalawo unandikana. Manyazi anandiletsa kubwerera, njala inandilowetsa ntchito ya ambulansi. Makolo a anthu akumeneko anatibweretsera Mulungu, masamu ndi kusunga nthawi. Ine ndinapita kukatsitsa zidzukulu zawo pamasitepe zitaledzera. Ndinaphunzira kutsegula njira ya mpweya, kumanga khosi, kuletsa magazi, kupsinja chifuwa cha munthu mpaka nthiti kulira. Satifiketi yake sumakalamba nayo: pakapita kanthawi umakagwadanso pamaso pa chidole cha pulasitiki, kamnyamata koti n'kukhala mwana wako kali ndi cholembera kumbuyo kwako. Zaka zoposa makumi atatu ndinagwadira chidolecho, mpaka manja anga anayamba kugwira ntchito osandifunsa.

Nditabwerera ndinapeza Khondowe wakalamba mopanda ulemu. Njerwa zofiira zija zilipo, belu likulirabe, koma m'tinjira m'mene tinkayenda tikuloweza ndakatulo mwadzaza mahositelo ndi timashopu ta mayunitsi. Anthu amene ndinkawasowa ndili kunja ndinawapeza atalembedwa pamiyala, kuphatikizapo mng'ono wanga Thumbiko, amene maliro ake ndinawaonera pafoni.

Bambo ndinawapeza pakhonde, atavala jekete ngati akudikira woyendera sukulu. Sanandifunse zaulendo.

"Ndamva kuti ntchito yako ndi yokweza anthu galimoto."

"Ndi yowapulumutsa, adada."

"Yewo chomene. Uziwapulumutsa enawo."

Ndinawafotokozera kuti kumene ndachokera munthu amene safuna kuvutitsidwa potsiriza amasainira pepala, ndipo ife tikaliona timachotsa manja. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Pepala n'la anthu opanda ana. Ine ndili ndi iwe."

Amene ankawasamalira anali Diana, mkazi wa malemu Thumbiko. Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno pantchito ya zaumoyo, nakwatiwa, ndipo mwamuna atamwalira anakana kubwerera. Mwambo wa kuno ankausunga kuposa eni ake, monga amachitira obwera. Pamaso pa apongozi ake sankaima. Chakudya ankachiika pakampando, n'kubwerera chogwada mpaka pakhomo. Ankawachapira, ankadziwa mapilitsi awo onse, ankadziwa kutsokomola kwa chimfine ndi kwa mkwiyo, koma khungu lawo anali asanalikhudzepo. Bambo ankamutchula kuti amake Luntha, ndipo ankamuyankhula Chichewa cha m'buku, atayang'ana kumbali.

Bungwe lina litayambitsa maphunziro a ogwira ntchito mu ambulansi ku boma la Rumphi, anandipempha kuti ndikaphunzitse. Diana analembetsa. Kunyumba ndinali alamu, m'kalasi ndinali aphunzitsi.

Ndinkaphunzitsa mokalipa, ndikuvomera. Ndinali nditaona kale mmene anthu amafera kuno: si matenda okha, koma kudikira. Munthu wagwa, abale akhala pamkeka kudikira amalume a ku Bolero abwere adzalamule. Amalumewo akafika, amadzalamula za bokosi.

"Mukafika pamalo, msonkhano watha," ndinkawauza. "Wodwala alibe amalume. Ali ndi njira ya mpweya, kupuma ndi magazi. Ulemu mukaupereke Lamlungu."

Chidole tinali nacho chimodzi, chong'ambika pakhosi, choncho tsiku lina ndinapempha a Hezron, mlonda wokalamba wa paholo imene tinkaphunzirira, kuti agone pansi ngati akomoka. Ndinaitana Diana. Anafika, nagwada patali ndithu, nawomba m'manja pang'ono.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndakomoka, mama," anayankha a Hezron maso ali chitsinzire.

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Ine sindinaseke.

"Mayi Harawa, mtima wa bambowa muumvera kuchokera ku Ntcheu?"

"Aphunzitsi, ndi aakulu awa."

"Akulu samafa? Gwireni pakhosi. Masulani malayawo. Mabatani akavuta, dulani."

"Malaya anga okhawa, bwana," anadandaula wokomokayo.

Diana anatambasula dzanja, nagwira. Madzulo ake m'minibasi sanandiyankhule mpaka kunyumba. Koma pamayeso anaposa onse. Kenako anayamba kukwera ambulansi ndi anzake akale pantchito kuti manja azolowere, poti satifiketi yeniyeni amapereka ukaonetsa kuti wagwirapo anthu enieni. Ankabwera ndi nkhani za malole ogubuduzika pamtsetse wa ku Chiweta, za mayi amene anachirira m'njira, za msodzi amene anamutsitsimutsa pamchenga. Ndinkamumvera ndi kunyada kwa mphunzitsi. Za lonjezo lija sindinamuuzepo. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya ine ndi bambo.

Zinachitika Lamlungu masana, titachokera kutchalitchi. Bambo anali m'chipinda mwawo, atakhala pabedi, akundiwerengera zolakwa za ulaliki wa tsikulo. Kapu ya tiyi inawapulumuka. Anaiyang'ana pansipo modabwa, nafuna kunena kanthu, koma pakamwa panali patakhotera kumodzi. Dzanja lamanja linagwera pantchafu ngati si lawo.

Sitiroko ndinaizindikira kapu isanaleke kugubuduzika. Ndinawagoneka chammbali, ndinawavula nsapato. Kenako ndinapita pazenera, ndinalitsegula, ndinakoka mpando n'kukhala. Manja anga ndinawapana pakati pa mawondo.

Diana anamva kusweka kwa kapu. Anafika pakhomo, nagwada monga mwa masiku onse. Anayang'ana apongozi ake, nayang'ana ine. Ndiye anaimirira. Analowa m'chipinda chimene anali asanalowemo eni ake alimo, nayika zala ziwiri pakhosi pa a Manasseh Harawa. Anamasula tayi, namasula mabatani.

"Adada, ndine Diana. Finyani dzanja langa. Linalo. Linalo, adada."

Anatulutsa foni, nayimbira anzake a ambulansi. Anafotokoza bwinobwino, mwadongosolo, mmene ndinamuphunzitsira. Atamaliza anatembenuka.

"Alamu, mwakhala?"

"Auzeni abwerere."

"Mwati bwanji?"

"Ndinawalonjeza. Mayi atamwalira. Anati asadzakwere galimoto, adzafere pabedi pomwepa."

"Munali ndi zaka zingati?"

"Zilibe kanthu."

"Ine sindinalonjeze munthu." Anali akupukuta malovu pachibwano cha bambo ndi nsonga ya chitenje chake. "Akupuma okha. Mtima ukugunda. Yangoyamba kumene. Munatiuza nokha kuti woterewa mukamufulumizitsa amatha kudzuka n'kuyankhulanso. Kapena munkanama?"

"Sindinkanama."

"Ndiye ndi uti amene ndimumvere, aphunzitsi kapena alamu?"

Anthu ochokera kutchalitchi anali atayamba kudzaza pakhonde. Amayi ena a mumpingo anasuzumira pazenera, naona mkamwana atagwira chifuwa cha apongozi ake chili pamtunda, nabweza mutu msanga. Ndinamva kunong'onezana kukufalikira panja. Diana anakumvanso. Sanachotse dzanja.

"Ndawagwira, alamu. Mudzi wonse waona. Munati ulemu tikapereke Lamlungu, lero ndi Lamlungu, ndawagwira. Musandiuze kuti ndawagwira pachabe."

"Diana, ndi zofuna zawo."

"Zofuna zawo mumazidziwa ndinu? Phala lawo amalifuna lotani?" Mawu ake anatsika. "Luntha alemba mayeso chaka chino. Masamu amamuphunzitsa ndi agogo akewa. Bambo ake anapita kale. Inu mwangobwera dzulodzuloli, mukufuna mutsegule zenera basi?"

Ndinayang'ana bambo. Diso lakumanzere linali lotseguka bwino, ndipo linali pa ine. Ndi diso lomwe lija linkayendera m'kalasi kufunafuna amene sanalembe ntchito. Anayesa kuyankhula. Chinatuluka ndi mpweya ndi kaphokoso. Sindinafunikire mawu.

Koma ndinkaonanso zina zimene maso anga anaphunzitsidwa kuona. Khungu linali lisanasinthe. Kupuma kunali kwabwino. Ndinanyamulapo ambiri otere, ena okalamba kuposa iwo, ndipo ena ndinakumana nawo patapita miyezi akukankha ngolo m'sitolo, akukangana ndi akazi awo. Ndinali nditakhala ndi bambo anga miyezi yochepa chabe. Tinali tisanakambe za Thumbiko. Tinali tisanakambe chifukwa chimene sindinkabwerera.

Ambulansi inaima panja. Analowa anyamata awiri ndi machira, mmodzi wa iwo Laws, amene ndinamuphunzitsa m'kalasi limodzi ndi Diana. Atandiona anaongoka.

"Aphunzitsi, tiwanyamule bwanji?"

Chipinda chonse chinadikira ine. Ndikanatha kunena mawu amodzi. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka ena.

"Mbali yofookayo ikhale pamwamba. Diana, mutu ndi wanu. Laws, miyendo."

Titawasendeza, dzanja lamanzere la bambo, lamoyo lija, linagwira chitsulo cha kumutu kwa bedi. Ndi bedi lakale la mishoni, limene anagonapo ndi mayi. Laws anakoka pang'ono, bedi lonse linasuntha.

"Agogo, tasiyani. Tikupita kuchipatala, mukachira."

Sanasiye. Mitsempha inatupa padzanjapo. Laws anayang'ana Diana, Diana anayang'ana pansi.

Pali njira yake yomasulira dzanja la wodwala amene wakakamira chinthu, yoti usamuthyole chala. Sulimbana ndi dzanja lonse. Umayamba ndi chala chaching'ono, chifukwa n'chopanda mphamvu, ndipo chikagonja zinazo zimatsatira. Ndinaiphunzira ku Glasgow, ndinaichita kwa anthu osawerengeka amene maina awo sindinawadziwe. Ndinagwada pambali pa bedi. Dzanja la bambo linali lofunda, lili ndi kachipsera ka mpeni wosongolera mapensulo. Ndinayamba ndi chala chaching'ono.

Bambo sanachotse diso lawo pa ine mpaka panja.

Pachipatala chapafupi anawaona mwachangu, nati zimenezi n'zofunika makina a ku Mzuzu. Dalaivala anati tidzere msewu watsopano wa ku Njakwa, wa Gorodi ndi wa anthu ofuna kujambula zithunzi. Malamba a pamachira ndinamanga ndine, pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo, n'kulowetsa zala kuti ndione ngati sakuthina. Diana anakhala kumutu atagwira chigoba cha mpweya, akuwayankhula mosalekeza za Luntha, za mapichesi amene ayamba kupsa. Bambo anali atatembenuzira diso kukhoma la galimoto.

Titatsika mapiri, kupuma kunasintha. Diana anandiyang'ana, ndipo ndinamuuza dalaivala kuti ayime. Tinachita zonse za m'buku, mosinthana, iye ndi ine, mpaka mikono inatha mphamvu. Sanalakwitse kanthu ngakhale kamodzi.

Laws anatsegula chitseko chakumbuyo. Kunja kunali minda ya fodya yokololedwa kale ndi tchire. Anafunsa dalaivala dzina la malowo kuti akanene kuchipatala, dalaivala anati sakulidziwa.

Bambo anga anafera m'galimoto. Ndinawakweza ndine.